Utsi m'munda wa mapaipi

Munda wa amayi unali wauve kuposa minda yonse ya m'mudzi mwathu cha ku Mpingu, ndipo ine ndinkaunyadira zosaneneka. Anzathu akakolola ankaunjika mapesi n'kuyatsa moto, koma ife tinkawagoneka pansi mpaka dothi osaoneka, khasu osalowamo ngakhale pang'ono. Limenelo linali theka lakumtunda. Theka lakumunsi tinkalima monga alimira aliyense, kusosa ndi kuunga mizere. Mbali zonse ziwiri munali mapaipi oyera ozikidwa pansi, mitu yokha ikusuzumira. Azimayi odutsa popita kudimba ankafunsa amayi ngati msana ukuwavuta, ena n'kumanena poyera kuti umasiye wawaphunzitsa ulesi. Amayi anga si munthu wosunga mawu m'kamwa. Ankawayankha kuti adikire Januwale.

Amene anazika mapaipiwo anali mayi wina wofufuza za nthaka wa ku Chitedze, ndipo mudzi wonse unkangowatchula kuti mayi a mapaipi. Ankabwera ndi kachipangizo ka chingwe chachitali, n'kukatsitsira m'paipi, ndipo kankawauza kuti pansi pomwe mizu imafika pali chinyontho chochuluka bwanji. Ine ndinali nditamaliza Folomu 4 kalekale, ntchito osaipeza, ndiye akafika ndinkawatsata m'mundamo ngati mwanapiye, mafunso osatha.

Iwo ndiwo anandifotokozera chifukwa chake. Anati azanyengo anasonkhanitsa miyezo ya mvula ndi kutentha ya zaka zambirimbiri kuchokera m'maboma onse, ndipo zimene ife tinkangodandaula pamjigo zinaonekadi: mvula ikuchedwa kuyamba, ikagwa imagwa yaukali, kenako imadula pakati chimanga chikumasula, dzuwa n'kuwotcha kuposa kale. Makompyuta awo akayang'ana kutsogolo sakulonjeza zabwino ayi. Choncho boma likulemba ndondomeko ya dziko lonse yonena momwe tingakhalire ndi nyengo yotereyi, alangizi aziphunzitsa chiyani, mbewu ziti zilimbikitsidwe, madamu akumbidwe kuti. Koma olembawo sangangodzuka n'kuuza dziko lonse kuti liziphimbira minda. Amafuna umboni wochokera m'minda ya anthu enieni, ndipo umodzi mwa mindayo unali wathu.

Abale inu, nditamva zimenezi ndinasangalala ngati ndakhoza mayeso. Chinyontho cha pansi pa mapesi athu kukafika patebulo la anthu a ku unduna! Ndinkauza aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Bambo wachisilamu wa golosale ya pamsika anafika pomandifunsa ndisanapereke n'komwe moni kuti kodi mapaipi adzuka bwanji lero. Ndipo Januwale uja anafikadi ndi ng'amba yake. Chimanga chakumunsi masamba anapotana ngati a anyezi, chakumtunda chili chilili, chobiriwira, ukapisa dzanja pansi pa mapesi dothi lili lozizira. Za msana wa amayi palibe anafunsanso.

Nthawi yomweyo ndinali ndi bwenzi, mnyamata wa ku Nsaru, mwana wa mlimi wa fodya. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, koma pa khasu chilombo. Ndinkamukonda kwambiri, sindibisa. Ankhoswe a kwawo anali atabwera kale kwa amalume, ndipo chinkhoswe chinali choti chichitike mvula isanagwe. Amayi anali atayamba kale kumupewa monga achitira apongozi. Akamuona akubwera pa njinga ankalowa kuseri kwa nyumba, moni ankaperekera komweko atagwada, nkhope kumbali, ndipo chilichonse chofuna kumuuza chinkadzera mwa ine kapena mwa amalume. A m'tauni amaseka zimenezi, koma kwathu munthu amene mayi ako akumuthawa ndiye kuti amulandira.

Kumayambiriro kwa Seputembala mayi a mapaipi anatiuza kuti sabata yotsatira abwera ndi alendo ochokera ku unduna, ena mwa olemba ndondomeko aja, kudzaona mundawo ndi maso awo. Ndinamuimbira foni mnyamata uja nthawi yomweyo. Ndinalankhula za azanyengo, za makompyuta, za mapaipi, mpaka mayunitsi kutha. Pa zonsezo iye anatolapo chimodzi chokha, chakuti akuluakulu a boma akubwera kudzaona munda wa apongozi ake. Anadzera kumundako mwakachetechete kuti auone, ndipo anapeza minda yoyandikana yonse yososedwa bwino, wathu wokha uli mapesi mbwee. Kwawo munda wotero ndi chipongwe. Anaganiza kuti amayi ndi amasiye, pakhomo palibe mwamuna, mphamvu zawachepera, ndipo alendo akawapeza chonchi achita manyazi. Kufunsa amayi sakanatha, mwambo sulola. Ine sanandifunse chifukwa ankafuna kuti ndidzangodabwa.

Ndinadabwadi. M'mawa wina tili pamjigo ndi amayi, mnzanga anatikodola n'kuloza utsi uli tolotolo cha kumunda kwathu. Amayi anasiya ndowa pomwepo. Sindinkadziwa kuti amathamanga chonchija, chitenje m'manja, ine pambuyo wefuwefu. Tinkaganiza kuti ndi osaka mbewa.

Titafika tinapeza theka lonse lakumtunda lili mbee, losesedwa ngati pabwalo la tchalitchi. Mapesi a zaka zonse zija anali milu ya phulusa, ina ikunyekabe. Mapaipi okha anawasamala, anaunjikira kutali kuti asasungunuke, ndipo paipi iliyonse anaipalira mozungulira. Pamwamba pa zonsezo anali atayamba kale kuunga mizere, yowongoka bwino, m'dothi lomwe khasu linali lisanalowemo kwa zaka. Atationa anaika khasu pansi, nanjuta chapatali, thukuta lili kamukamu, akumwetulira. Ankadikira kuthokozedwa.

Amayi sanapatuke, sanagwade, sanayang'ane kumbali. Anapita molunjika mpaka pamene iye anali, n'kumuyang'ana m'maso.

"Iwe mnyamata, wakutuma ndani? Tenga khasu lako uzipita kwanu. Pano usadzapondenso."

Munda unandipweteka, inde, koma chimene chinandipweteka koposa chinali chimenechi. Akanamutukwana kudzera mwa ine ndikanadziwa kuti mkwiyo udzatha. Koma anamulankhula maso ndi maso ngati munthu wodzagula nkhuku, kutanthauza kuti kwa iwo sanalinso mkamwini. Iyenso anamva. Kumwetulira kuja kunazima, anatola khasu lake, ndipo njinga sanakwere, anangoikankha.

Masiku otsatira kunyumba kunali ngati pamaliro. Amalume anabwera kudzayesa, nati madzi akatayika saoleka, mwanayu cholinga chake chinali chabwino. Amayi anati safunsa anadya phula, ndipo munthu wotentha munda wa eni asanalowe m'banja adzatentha chiyani akalowa. Za chinkhoswe anati tiiwale. Ine ndinalira, ndinakana kudya, ndinamenyetsa zitseko, pakuti mtima wapachala umenewu ndinatengera kwa iwo omwe. Mnyamata uja ndinamukalipiranso pa foni mpaka khutu kutentha. Nditamufotokozera kuti mapesiwo ndiwo anali kafukufuku yense, anangofunsa tsiku lomwe alendo akubwera.

Tsikulo litafika, ife tili kumunda kudikira ndi mitima yolemera, tinamva mabelu a ng'ombe. Inali ngolo, mapesi atasanjikiza mpaka kumwamba, iye akuyenda pambali, fumbi thupi lonse. Anali atanyamuka dzulo lake kwawo. Amalume anamulonjera, amayi anangomuuza kuti atsitse apo, monga auzira waganyu. Asanamalize kutsitsa, galimoto ya alendo inatulukira.

Mayi a mapaipi atatsika anayang'ana kaye theka lopsa lija. Kenako anakhala pansi n'kumafikisa phulusa m'zala. Sananamizire kuti zili bwino. Anati nthaka yomwe inaphimbiridwa zaka zonsezi yapsa pamwamba ndipo yatembenuzidwa, choncho miyezo ya chaka chino singafananitsidwenso ndi ya m'mbuyomu. Mapesi atsopanowa athandiza chimanga, koma kafukufuku wa mbali imeneyi waduka.

Mwa alendowo munali bambo wina wamtali wa ku unduna, wa nsapato zosayenera kumunda. Anafunsa kuti watentha ndani ndipo chifukwa chiyani. Amalume ndiwo anafotokoza zonse, za chikamwini, za kupewana, za alendo. Bamboyo anafuna kuseka koma anadzigwira. Anatembenukira kwa mnyamata uja n'kufunsa kumene watenga mapesi odzaza ngolo nyengo ino. Iye anayankha maso ali pansi kuti ndi amene anasungira kutenthera nazale ya fodya. Anafotokoza kuti kwawo aliyense asanafese fodya amaunjika mapesi pabedi n'kuyatsa, kuti moto uphe tizilombo ndi njere za udzu.

Apa mayi a mapaipi anadzuka, phulusa likadali m'manja, n'kuuza bambo uja kuti izi ndi zimene akhala akunena m'misonkhano anthu osamvetsa. Anati miyezo yawo ikuonetsa kuti kuphimbira kumasunga chinyontho, ndipo pamenepo palibe mtsutso. Koma ku Chitedze minda ili mumpanda, pamene kumudzi mapesi ali ndi eni ambiri: a fodya, mbuzi ndi ng'ombe zikamasulidwa anthu akakolola, osaka mbewa, ofuna nkhuni. Ndondomeko ikangonena kuti alimi aziphimbira, osanena kuti mapesiwo atetezedwa bwanji, idzakhala yokoma papepala pokha. Bambo uja anatsutsa kuti ndondomeko ya dziko singalowe m'nkhani za mbuzi. Mayiwo anati ndiye mbuzizo zidzadya ndondomekoyo.

Anakangana pomwepo atatsamira ngolo, dzuwa likuswa mtengo, wina kutchula za mvula ya m'tsogolo, wina za zomwe alangizi angakwanitse. Ine chisoni chonse chija ndinachiiwala kwa kanthawi. Ndinkaganiza kuti malamulo a dziko amalembedwa ndi anthu osatuluka thukuta, koma apa ndinali kuona akuphikidwa m'munda mwathu, pafupi ndi ndowe za ng'ombe! Pomaliza bambo uja anati kukhala msonkhano m'tauni wa azanyengo, ofufuza, a ku unduna ndi alimi, ndipo akufuna amayi akanene za chinyontho, mnyamatayo akanene kumene mapesi amapita. Ine ndinadziitana ndekha, ndinati amayi sayenda popanda ine.

Tsiku la msonkhano galimoto inabwera kudzatitenga. Kutsogolo kunali dalaivala ndi katundu, ife atatu kumbuyo. Mnyamata uja analowa koyamba n'kudzipanikiza kukhomo, poganiza kuti ine ndikhala pakati. Amayi anandikankhira pambali, n'kukhala pakatipo iwo, phewa ndi phewa ndi iye, nayamba kucheza ndi dalaivala za mtengo wa mtedza ngati palibe chachilendo. Msewu wonse wa Mchinji mpaka m'tauni ine ndinkangoyang'ana pawindo, misozi ili m'maso. Mayi sakhala mpando umodzi ndi mkamwini wake, ndiye pamenepo anali kundiuza kuti nkhani inatha.

Koma holo ija, abale! Matebulo oyala nsalu zoyera, madzi a m'mabotolo, anthu ochokera ku Chikwawa, ku Karonga, ku Salima. Bambo wina wazanyengo anaonetsa mapu a dziko lathu pakhoma, akusintha mitundu kuchokera zaka za makolo athu kufika zaka zimene ana athu adzakhale akuluakulu, kufiira kosonyeza kutentha kukukwera pang'onopang'ono kuchokera kuchigwa. Ndinaimirira pang'ono kufunafuna pamene pali Mpingu, amayi n'kundikoka chitenje. Wazanyengoyo sanadzitame. Anati za kutentha akutsimikiza, koma za kuchuluka kwa mvula makompyuta awo sagwirizana onse, n'chifukwa chake ndondomeko iyenera kusankha njira zothandiza kaya mvula ichuluke kaya ichepe. Mawu amenewo anandikhala mumtima.

Kenako mayi a mapaipi anaonetsa mizere iwiri yokhotakhota, wa chinyontho cha theka lophimbira pamwamba, wa theka linalo pansi, nati uwu ndi munda wa mayi ali apowa m'nyengo ya ng'amba. Ndinatsina amayi pantchafu. Dothi lathu lomwe lija, pakhoma, anthu a mataye akulemba! Amayi ataitanidwa anaimirira ngati amachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Ananena za azimayi ofunsa msana, za masamba opotana, za dothi lozizira, anthu n'kumaseka ndi kuwomba m'manja. Za moto sanatchule.

Itafika nthawi ya mnyamata uja, anamupatsa maikolofoni. Anavala malaya obwereka, aakulu m'khosi. Akanatha kungonena za nazale n'kukhala pansi, koma anayamba ndi kunena kuti munda waonetsedwa pakhomawo anautentha ndi iye, ndi manja ake, poganiza kuti akuthandiza. Holo yonse inafa ndi phwete. Anadikira kuti amalize kuseka. Kenako anati iye anakula akudziwa kuti munda wabwino ndi woyera, ndipo kwawo anthu onse amadziwa chomwecho, ndiye ngati boma likufuna minda yophimbira liyambe lauza amene amayatsa moto, osati eni minda okha. Anapemphanso kuti alimi a fodya aphunzitsidwe njira ina yokonzera nazale, chifukwa palibe amene amatentha mapesi mwa masewera.

Mayi wina wa ku unduna anakweza dzanja. Anati wamva kuti mapesi ake anakapereka kumunda womwe anatentha, nanga nazale yake anatenthera chiyani?

"Sindinatenthe," anatero. "Bambo anga anati poti mapesi ndakataya kwa eni, bedi langa alipereka kwa mng'ono wanga. Chaka chino fodya sindilima."

Palibe anasekanso. Alimi onse m'holomo ankadziwa tanthauzo lake, mnyamata wofuna kukwatira kukhala chaka chathunthu wopanda fodya. Ngakhale ine sanandiuze. Ndinayang'ana amayi, koma iwo ankangopotokola chivindikiro cha botolo la madzi.

Masana anatigawa m'magulu, ndipo nkhani ya mapesi inatenga malo. Mlimi wa ku Salima anati kwawo vuto ndi ng'ombe, wa ku Chikwawa anati kwawo mapesi a mapira amamangira mipanda. Wina anati midzi izipangana malamulo a ziweto, wina anati pabzalidwe nandolo ndi mitengo kuti zophimbira zichuluke, mayi a mapaipi anati afufuza ngati masamba amenewo amasunga chinyontho mofanana. Bambo wa nsapato uja ndinamuona akulemba mawu oti mbuzi papepala lalikulu la pakhoma, ndipo ndinaseka ndekha. Sindinama kuti ndikudziwa mmene zinalembedwera m'ndondomeko yomaliza. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinatuluka m'holomo mutu uli waa, ndikufuna kuuza dziko lonse zimene ndaona.

Chimwemwecho chinathera pakhomo la galimoto. Dzuwa linali litapendeka, dalaivala akutifulumizitsa. Mnyamata uja analowa n'kudzipanikizanso kukhomo, ine ndinaima pambali kuti amayi alowe monga m'mawa. Iwo sanasunthe. Dalaivala anati mayi lowani, tichedwa. Amayi anakonza chitenje, anatembenukira kumbali, nkhope kuloza kumpanda wa holo, n'kulankhula ndi ine motsitsa mawu.

"Uwauze adalaivala achotse katunduyo kutsogolo. Ine ndingakhale bwanji mpando umodzi ndi bambowa? Ndipo uwafunse bambowo ngati adya, masana sindinawaone akutenga mbale."

Dalaivala anayamba kudandaula kuti m'mawa munakhala bwinobwino, lero lomwe lino chasintha n'chiyani. Ine ndinali nditagwira kale katoni ya kutsogolo ija, ndikuikokera kumbuyo, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi, anthu a mataye akundiyang'ana. Mnyamata uja anatsika m'galimoto msangamsanga, anapita chapatali ndithu, n'kunjuta pafumbi ndi malaya obwereka aja, kudikira kuti apongozi ake akwere.